Droni ikasiya kumva imalowera kuti? Kuyerekeza njira zoyendetsera ndege zopanda munthu

Pa 16 Ogasiti 1956 asilikali apanyanja a ku America anaulutsa ndege yopanda munthu kuchokera pa bwalo la Point Mugu ku California. Inali ndege yankhondo yakale ya mtundu wa F6F Hellcat imene anaiika zipangizo zoti iziwongoleredwa pa wailesi, kuti anzawo ayesererepo mizinga pamwamba pa nyanja. Itangonyamuka inaleka kumva oiyendetsa, n'kukhotera kumtunda chaku Los Angeles. Anatumiza ndege ziwiri za F-89 Scorpion kuti zikaigwetse. Zinaponya maroketi 208 koma osaigwetsa. Maroketiwo ndiwo anayatsa tchire, kuboola magalimoto ndi kuwononga nyumba za anthu. Ndegeyo inakagwa yokha m'chipululu pafupi ndi Palmdale mafuta atatha. Palibe anamwalira, komabe unali mwayi chabe.

Funso limene tsikulo linasiya ndi limene ndiyezere njira zonse m'nkhani ino: ndege ikasiya kumva mwini wake, kapena ikasokonezeka osadziwanso pamene ili, imachita chiyani? Ogulitsa madroni amathamangira kukuuzani za kamera, za mphindi zimene batire limakhala, za mtunda umene imafika. Funso ili amalilumpha. Koma opanga ndege zachandamale alimbana nalo kwa zaka pafupifupi 90, ndipo zimene aphunzira n'zothandiza kwa wophunzira wa ku Instituto Superior Politécnico de Tete amene akufuna ntchito yoyeza milu ya malasha ku Moatize, kwa mlangizi wa zaulimi ku Angónia amene akufuna kuona minda ya kachewere ndi chimanga kuchokera m'mwamba, ndi kwa aliyense amene anaona Revúbuè atasefukira mu Januwale 2022 n'kulakalaka pakanakhala diso lotsogola kukaona kumene anthu atsakamira.

Ndege yachandamale si yoponya mabomba. Ntchito yake ndi kuyerekezera ndege kapena mzinga wa mdani kuti oteteza dziko aphunzire kuiona pa radar, kuitsata ndi kuiwombera. Zilipo zazing'ono ngati Banshee ya ku Britain, imene tsopano ili m'manja mwa QinetiQ. Zilipo zothamanga ndi injini ya jeti ngati Firebee imene inayamba kuuluka mu 1951, BQM-167 ndi BQM-177 za ku America, Mirach ya ku Italy, Lakshya ya ku India, ndi Skua ya kampani ya Denel kwa anansi athu ku South Africa. Zilipo ngakhale ndege zenizeni zankhondo zopuma ntchito, monga F-16 zimene Boeing inazisintha kukhala QF-16. Yoyamba inauluka yopanda munthu mu Seputembala 2013 kuchokera ku Tyndall, Florida. Wopanga ndege yotere amakokedwa mbali zitatu. Iyenera kutchipa, poti mwina lero lomwe iphulitsidwa. Iyenera kuuluka molondola kwambiri, mothamanga, nthawi zina motsika pamwamba pa madzi, poti ikapanda kufanana ndi mdani maphunzirowo alibe phindu. Ndipo isatuluke m'malire a malo oyesera zida ngakhale itavulala. Madroni athu si othamanga choncho, palibenso akuwawombera, koma kukokedwa kwake n'komweko: ndalama zochepa, ntchito yofuna kulondola, ndi midzi ya anthu pansi.

Tisiyanitse kaye zinthu ziwiri zimene ambiri amaziphatikiza. Autopilot ndi imene imagwira ndege kuti isapendekeke, isazyolike, ikhote bwino. Zipangizo zolondolera njira ndi zimene zimaiuza pamene ili, kumene yayang'ana ndi liwiro lake. Autopilot yabwino youzidwa bodza za malo imaulutsa ndege mwaukhondo kupita kolakwika. N'chifukwa chake ndiyamba ndi magwero a uthenga wa malo, kenako ndifike pa ma autopilot enieniwo.

Njira yakale kuposa zonse ndi ya munthu wogwira wailesi pansi, maso ali pa ndege. A ku Britain anaigwiritsa ntchito mu 1935 pa Queen Bee ya kampani ya de Havilland, ndipo anapanga pafupifupi 400. Ku America, kampani ya Radioplane ya Reginald Denny inapanga OQ-2 ndi zinzake pafupifupi 15,000 pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Ubwino wake ndi wakuti nzeru zonse zili mwa munthu, ndipo munthu amaona mwana wathamangira pa bwalo, amaona khwangwala kapena kabawi akubwera. Kuipa kwake ndi kwakuti mafunde a wailesi amayenda chowongoka. Ndege ikazembera kuseri kwa phiri, chingwe chaduka. Kwathu kuno mapiri sasowa: Macanga, Marávia, Tsangano, chigwa chopanikizana cha ku Songo. Pa yokha njira imeneyi siyokwanira ntchito iliyonse yopitirira pamene maso afika. Komabe sindingalangize munthu kugula droni imene sangathe kuilanda kwa kompyuta n'kuitsitsa ndi manja ake. Ngakhale QF-16 pa ulendo wake woyamba inkawongoleredwa ndi oyendetsa ndege enieni atakhala pa siteshoni ya pansi.

Njira yachiwiri ndi yodziwerengera yokha, imene mainjiniya amaitchula INS. M'kati mwa ndege muli gyroscope yomva kutembenuka kulikonse ndi accelerometer yomva kukankhika kulikonse. Kompyuta imawonkhetsa zimenezi kambirimbiri pa sekondi, kuyambira pamalo odziwika, n'kumanena kuti tsopano tafika apa. Maziko ake ndi akale: Lawrence Sperry anaonetsa ndege yogwiridwa ndi gyroscope ku Paris mu 1914. Chokoma chake n'chakuti sidalira chilichonse chakunja. Palibe angaitseke pakamwa kapena kuinamiza ndi wailesi. Koma ili ngati wopalasa bwato pa Cahora Bassa usiku wa mitambo, amene akuwerenga nkhafi kuti ndapalasa kangapo chakumadzulo, ndiye chilumba chili pafupi. Poyamba amalondola. Kenako kamphepo ndi kukoka kwa madzi zimamubera pang'onopang'ono, iye osadziwa kuti akuberedwa, ndipo nthawi ikamapita kuphonya kumakulirakulira.

Kukula kwa kuphonyako kumatengera mtengo. Zida zapamwamba za m'ndege zonyamula anthu, zogwiritsa ntchito kuwala kwa laser, zimaphonya ndi makilomita pafupifupi 2 pa ola lathunthu. Tizida totchipa ta mtundu wa MEMS, tofanana ndi ta m'foni yanu, tikasiyidwa tokha timatha kuphonya ndi mamita mazana m'mphindi imodzi kapena ziwiri. Zapamwambazo n'zodula, n'zolemera, ndipo sizigulitsidwa mwachisawawa. Pangano la mayiko lotchedwa MTCR, lokhazikitsidwa mu 1987, limatchula ndege zachandamale pakati pa zinthu zoyang'aniridwa potuluka m'dziko, pamodzi ndi zida zolondolera njira za mlingo wapamwamba. Choncho kwa ife nkhani ya INS ndi nkhani ya MEMS, ndipo adani a MEMS ndi awiri: kunjenjemera ndi kusintha kwa kutentha. Pulopela yokhotakhota kapena yosweka m'mphepete imagwedeza bolodi ya autopilot mpaka accelerometer imayamba kunena zabodza. Kutentha nako, amene mwakhalapo mumzinda wa Tete mu Okutobala ndi Novembala mukukudziwa, kumadutsa madigiri 40 osavutika. Droni yotuluka m'galimoto yoziziritsidwa n'kuikidwa pa dothi lotentha, kapena yosiyidwa padzuwa n'kuulutsidwa nthawi yomweyo, zida zake zimakhala zisanakhazikike. Mabolodi ena, monga Cube ya CubePilot, ali ndi magulu atatu a zida zimenezi, ena ataikidwa pa kamtsamiro koletsa kunjenjemera, ndipo amadzitenthetsa okha kuti kutentha kwa m'kati kusamasinthesinthe. Kwa nyengo yathu, kusiyana kumeneku n'koyenera kulipirira.

Njira yachitatu ndi imene aliyense amaidziwa, ya masetilaiti. GPS ya ku America inakwanira mu 1995, ndi masetilaiti osachepera 24 ozungulira pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200. Mu Meyi 2000 boma la America linasiya kusokoneza dala uthenga wa anthu wamba, ndipo kuyambira pamenepo kachida kotchipa kanayamba kulondola mpaka mamita ochepa. Lero kuliponso GLONASS ya ku Russia, Galileo ya ku Ulaya imene inayamba ntchito mu 2016, ndi BeiDou ya ku China imene inakwanira mu 2020. Cholandirira chimafunika kumva masetilaiti anayi kuti chidziwe malo, ndipo chomva magulu onsewa pamodzi chimapirira bwino pamene thambo latsekeka mbali imodzi. Mosiyana ndi INS, kuphonya kwake sikukula ndi nthawi. Vuto lake ndi lakuti uthengawo umafika pansi uli wofooka kwambiri. Khoma la thanthwe limautchinga kapena kuunjanjitsa. Wailesi yamphamvu pafupi imauphimba. Umathanso kunamizidwa: mu 2012 gulu la Todd Humphreys wa ku University of Texas linaonetsa ku White Sands kuti droni ingapatsidwe malo abodza n'kuwakhulupirira. Ndege zachandamale zimauluka m'malo amene asilikali amayatsa dala zida zosokoneza, choncho opanga ake sangaike moyo wonse wa ndege pa masetilaiti okha. Ife sitikumana ndi zotere kawirikawiri, koma taganizirani droni itatsikira m'chigwa cha Zambezi kumunsi kwa khoma la Cahora Bassa, lotalika mamita 171, matanthwe uku ndi uku. Thambo limene ikuona ndi kampata chabe. Masetilaiti amachepa pa nthawi yomwe wailesi ya mwini wake nayo ikuvutika.

Kwa oyeza malo pali chisankho china m'kati mwa njira yomweyi, ndipo pano ndipamene ndalama zambiri zimatayika. Kuti mapu alondole mpaka masentimita, pamafunika cholandirira chachiwiri chokhazikika pamalo odziwika, chokonza zolakwa za cha m'ndegemo. Pa RTK, kukonzako kumatumizidwa ndege ili m'mwamba, kudzera pa wailesi kapena pa intaneti ya foni. Pa PPK, zida zonse ziwiri zimangosunga zimene zamva, ndipo kukonzako mumakachitira pa kompyuta madzulo. RTK imakoma pamene muli netiweki yodalirika ya Movitel, Vodacom kapena Tmcel ndipo mukufuna yankho pompopompo, monga pa mgodi. Koma uthenga wokonzawo ukaduka pakati pa ulendo, zithunzi zina zimatuluka zolondola, zina ayi, ndipo mwina muzindikira mutafika kale kunyumba. Kwa wogwira ntchito ku Chifunde, Zumbo kapena m'kati mwa Mágoè, kumene netiweki imabwera ndi kupita, ine ndimaima ndi PPK. Ndipo kaya mwasankha iti, ikani zizindikiro zingapo pansi zoyezedwa paokha kuti muzitsimikizira mapu. Wofuna kungoona ngati mbewu zamera bwino kapena ngati ntchemberezandonda zalowa m'munda safunika RTK kapena PPK. Asalipire masentimita amene sawagwiritsa ntchito.

Pafupifupi madroni onse amakono amaphatikiza njira yachiwiri ndi yachitatu. INS imapereka uthenga wofulumira, masetilaiti amaikonza ikayamba kusochera. Masamu ophatikizirawo anachokera kwa Rudolf Kálmán mu 1960, ndipo ndi omwe anathandiza maulendo a Apollo opita ku mwezi. Ndiye mukamva wogulitsa akunyadira kuti droni yake ili ndi GPS ndi INS, sanakuuzeni kanthu, popeza pafupifupi zonse zili choncho. Kusiyana kuli pa zimene kompyuta imachita mboni zake, zida zoiuza pamene ili, zikatsutsana. Yabwino imakayikira, imataya mboni yonama, imakuchenjezani. Yoipa imakhulupirira bodza mpaka itagunda mtengo wa mlambe.

Mboni imene imanama kwambiri kuposa zonse ndi kampasi, ndipo chigawo chathu chili ndi zifukwa zake zapadera. Droni ya mapulopela anayi ikaima malo amodzi, GPS ya mlongoti umodzi singaiuze kumene yayang'ana, imadalira kampasi. Kampasi imakokedwa ndi chitsulo chilichonse: zitsulo za m'konkire, denga la malata, njanji ya Sena, zingwe za mlatho wa Samora Machel, galimoto imene mwanyamulirapo droniyo. Imakokedwanso ndi magetsi. Nthambo zochokera ku Songo kupita ku siteshoni ya magetsi ya Apollo pafupi ndi Johannesburg, zoyenda makilomita oposa 1,400, zimanyamula magetsi a DC, oyenda mbali imodzi osasinthasintha, ndipo magetsi otere amapanga mphamvu ya maginito yokhazikika imene kampasi siingaisiyanitse ndi ya dziko ikayandikira. Kumpoto kwa mzinda wa Tete pansi palinso miyala yachitsulo yokhala ndi maginito. Chizindikiro cha kampasi yonamizidwa n'chodziwika: droni imayamba kuzungulira, bwalo lake likukula ulendo uliwonse. Mankhwala otchipa ndi kunyamukira pa dothi lopanda zitsulo ndi kuika kampasi patali ndi mawaya a batire. Mankhwala enieni ndi cholandirira masetilaiti cha milongoti iwiri, chimene chimadziwa kumene ndege yayang'ana poyerekeza malo a milongotiyo, osafunanso maginito. Ndege ya mapiko ili ndi mwayi pano, chifukwa imakhala ikuyenda nthawi zonse ndipo njira yake imaoneka pa kayendedwe komweko. Amene ntchito yake ndi kuyendera nthambo za magetsi kapena milatho asanyengerere pa mfundo imeneyi.

Kutalika nako kuli ndi mboni zake. GPS imaphonya kwambiri poyeza kukwera kuposa poyeza malo. Barometer imamva kulemera kwa mpweya, n'njosalala, koma mvula yamkuntho ikamayandikira mpweya umasintha ndipo imayamba kusochera. Ndege zachandamale zoyerekezera mizinga yoyenda pamwamba pa nyanja zimagwiritsa ntchito radar yoyang'ana pansi. Kwa ife zilipo zida za laser kapena radar zazing'ono, zofunika makamaka pa droni yopopera mankhwala m'munda wotsetsereka. Koma ngozi yaikulu pa nkhani ya kutalika si ya chida. Madroni ambiri amawerenga kutalika kuyambira pamene anyamukira. Mwanyamukira m'dambo, mwaiuza kuti ikasowa wailesi ibwerere pa mamita 50, pakati panu pali chitunda cha mamita 80. Idzabwerera momvera n'kukagunda chitundacho. Kumbukiraninso kuti mzinda wa Tete sufika mamita 200 pamwamba pa nyanja pamene Ulóngwe ili pamwamba pa mamita 1,200, ndipo phiri la Domué lapitirira 2,000. Kumtundaku mpweya ndi wopepuka, mapulopela amagwira ntchito yambiri, batire limatha msanga. Mphindi zolembedwa pa katoni sizinayezedwere kumeneko.

Njira ya kamera ndiifotokoza mwachidule. Droni imayang'ana pansi n'kumaona mmene dothi likutsetserekera, motero imadziwa kuti yasuntha. Imathandiza m'nyumba, pansi pa mlatho, pafupi ndi nthaka. Imalephera usiku, mu utsi wa lupsa wa mu Seputembala, mu fumbi la malasha, ndi pamwamba pa madzi, makamaka madzi oyenda, amene amaichititsa kuganiza kuti iyo ndi imene ikuyenda. Pa ntchito ya kusefukira kwa mitsinje, imene ndi imene timaifunira droni kwambiri, kamera ndi mboni yosadalirika.

Tsopano ma autopilot enieniwo. Pali magulu atatu.

Loyamba ndi la madroni ogulidwa athunthu, amene mfumu yawo ndi DJI ya ku Shenzhen, yokhazikitsidwa mu 2006. Mumatsegula katoni, mumatchaja, mumauluka. Kamera, masetilaiti, zida zoona zopinga ndi wailesi zonse anazilukira pamodzi ndipo zimagwirizana bwino kwambiri; sindichita manyazi kunena kuti pa kujambula ndi pa mapu a malo aang'ono n'zovuta kuwaposa. Mtengo wake wobisika ndi wakuti m'katimo simungalowemo. Ikawonongeka, zambiri simungazikonze ku Matundo kapena ku Chingodzi. Muyenera kuitumiza kutali n'kudikira. Batire lake ndi la iyo yokha. Zimene imachita ikasowa wailesi mumasankha pa zochepa zimene kampani yakupatsani: kubwerera, kuima, kutera.

Lachiwiri ndi la mapulogalamu otseguka, ArduPilot ndi PX4, oyenda pa mabolodi a banja la Pixhawk. ArduPilot inakula kuchokera ku gulu la DIY Drones limene Chris Anderson anayambitsa mu 2007, ndi ntchito yoyamba ya Jordi Muñoz; pambuyo pake anthu ngati Andrew Tridgell ndi Randy Mackay anaikulitsa. PX4 inabadwira ku ETH Zurich m'manja mwa Lorenz Meier, amene anayambitsanso MAVLink, chilankhulo chimene ndege ndi kompyuta ya pansi zimalankhulirana. Pulogalamu ndi yaulere, bolodi ndi ya madola mazana ochepa, ndipo imayendetsa ndege ya mapiko, ya mapulopela, yophatikiza zonse ziwiri, ngakhale boti. Mumasankha nokha cholandirira masetilaiti, mwachitsanzo u-blox M8 yotchipa kapena F9P yomva mafunde awiri. Mumalamula nokha chochita pa vuto lililonse. Imasunga mbiri yonse ya ulendo, kotero ikagwa mumatha kuwerenga chimene chinachitika. Pakati pa ziwirizi, ArduPilot ili ndi zosankha zambiri ndi anthu ambiri othandiza pa ndege za mapiko, pamene PX4 imakondedwa m'mayunivesite ndi m'makampani chifukwa chilolezo chake cha BSD sichiwakakamiza kuulula zimene awonjezera, mosiyana ndi GPL ya ArduPilot. Choipa cha gulu lonseli n'chakuti udindo wonse ndi wanu. Pali zosintha mazanamazana, ndipo imodzi yolakwika imagwetsa ndege. Waya wowotchereredwa mwamphwayi palibe womudandaulira.

Lachitatu ndi la ma autopilot a akatswiri, amene ndege zachandamale zambiri zing'onozing'ono ndi zapakati zimadalira mtundu wake: Piccolo yoyambitsidwa ndi Cloud Cap Technology ku Oregon, MicroPilot ya ku Canada, Veronte ya Embention ku Spain, ndi VECTOR-400 ya UAV Navigation, ya ku Spain komweko, imene anaipangira makamaka ndege zachandamale. Awa amayesedwa pa kutentha, kuzizira, kugwedezeka ndi kukankhika kwamphamvu kwa ponyamuka pa chiponyero. Amapitiriza kuuluka mwadongosolo masetilaiti atasowa kwa nthawi, amalola siteshoni imodzi kuyang'anira ndege zingapo, ndipo ali ndi mapepala osonyeza mmene anapangidwira ndi kuyesedwera. Mtengo wake ndi wa madola masauzande, ena amafuna chilolezo chotulutsira kunja, ndipo kampani imafuna kudziwa wogula ndi ntchito yake. Kwa mlimi, wojambula kapena woyeza malo wamba, kumeneku n'kugula zimene simudzazigwiritsa ntchito. Amayamba kumveka pamene bungwe likufuna kunyamula mankhwala kapena magazi makilomita ambiri pamwamba pa midzi tsiku ndi tsiku, pamene oyang'anira za ndege adzafuna umboni wolembedwa.

Chimene ndimasirira pa gulu lachitatuli, ndi pa ndege zachandamale zonse, ndi khalidwe lawo pa nkhani ya mapeto a ulendo. Amayamba ndi kuvomereza kuti tsiku lina zinthu zidzalakwika. Ndege zambiri zotere zili ndi parachuti yoziteretsa, ndi njira yapadera yothetsera ulendo, yokhala ndi wailesi yakeyake ndi batire lakelake, yosadalira autopilot. Mkulu woona za chitetezo pa malo oyesera ali ndi mphamvu yoigwetsa ikangodumpha mzere. Khalidwe limeneli silifuna madola masauzande. Pa ArduPilot ndi PX4 mungajambule mpanda pa mapu umene droni siidutsa, mungaike kutalika kosapitirira, mungaiuze chochita wailesi ikaduka, chochita batire likatsika, chochita masetilaiti akasowa. Chomalizachi ambiri sachiganizira: kubwerera kunyumba kumafuna kudziwa kumene kuli kunyumba, choncho droni yotaya masetilaiti kawirikawiri singabwerere yokha. Yabwino imatsika pang'onopang'ono pomwe ili kapena imakubwezerani chiwongolero, ndipo apa ndi pamene luso la manja lija limapulumutsa.

Mpanda umenewu kwathu ndi nkhani yaikulu kuposa kwina. Tete imachita malire ndi mayiko atatu. Ku Calómuè, ku Zóbuè, ndi m'mbali mwa msewu wa pakati pa Dedza ndi Ntcheu umene umayenda ndi malire, munda wa munthu umatha kuthera pamene dziko lina likuyambira. Droni yokankhidwa ndi mwera kwa mphindi ziwiri yalowa ku Malawi popanda chilolezo. Bwalo la ndege la Chingodzi lili pakati pa nyumba za anthu, pafupi ndi malo ambiri amene wojambula angafune kuulutsira. Musadalire kampani kuti ikutchingirani: mu Januwale 2025 DJI inasiya kutseka madroni ake m'malo oletsedwa ku America, n'kungosiya chenjezo, ndipo mapu a kampani yakutali sadziwa malo athu onse. Kuyambira pamene nkhondo ya ku Cabo Delgado inabuka mu 2017, chinthu chouluka chosadziwika sichilandiridwa mopepuka ndi achitetezo. Yambani ndi Instituto de Aviação Civil de Moçambique pa za chilolezo, bungwe loona za mauthenga la INCM pa za mafunde a wailesi, akuboma la m'dera, kenako amfumu kapena a sekeretale a m'bairo. Ndipo pali malo amene mapu a boma sasonyeza koma mwana aliyense wa kwathu amawadziwa. Manda ndi dambwe si malo oulutsirapo kamera. Funsani akuluakulu, jambulani malowo pa mpanda wanu, ndipo onetsetsani kuti njira yobwerera kunyumba siidutsa pamenepo, chifukwa droni yobwerera yokha imadula chowongoka.

Ndikati ndisankhire munthu, ndingatere. Wojambula maukwati, misonkhano ndi zomangamanga mumzinda agule droni yathunthu yaing'ono, aike bwino kutalika kobwererera, anyamukire patali ndi zitsulo. Woyeza malo pafupi ndi Moatize atenge yathunthu yokhala ndi RTK. Wopita kumaboma akutali aonetsetse kuti imasunga uthenga wa PPK. Woyendera nthambo ndi milatho afune milongoti iwiri ya masetilaiti ndi zida zoona zopinga. Wofuna kuona dera lalikulu, minda ya mgwirizano wa alimi kapena chigwa chosefukira, ayang'ane ndege ya mapiko yokhala ndi ArduPilot pa bolodi ya magulu atatu a zida, monga Cube ija, koma pokhapokha ngati pali munthu m'gulumo wodzipereka kuiphunzira mpaka m'kati. Ndipo aliyense, asanapereke metikali imodzi, auze wogulitsa kuti apite naye pa bwalo lopanda anthu, aulutse droniyo motsika, azimitse wailesi, onse aone chimene ichite. Wogulitsa wokana kuyesa kumeneku musiyeni.

Kwa ophunzira a ku Tete, ku Songo ndi ku Ulóngwe amene mulibe ndalama ya droni, khomo lilipo. ArduPilot ndi PX4 zili ndi pulogalamu yoyerekezera imene imayenda pa laputopu wamba popanda ndege iliyonse. Mumalumikiza ndi Mission Planner kapena QGroundControl, mapulogalamu owongolerera ndege pa kompyuta ya pansi, mumaika ndege yongoyerekezayo pa mapu a kwanu, mumajambula njira, kenako mumazimitsa GPS, mumasokoneza kampasi, mumadula wailesi, mumawonjezera mphepo, n'kumawerenga mbiri ya ulendo kuti muone chimene kompyuta inaganiza. Tsidya la malire, Malawi inatsegula dera loyesera madroni ku Kasungu mu 2017 mothandizana ndi UNICEF, ndipo mu Januwale 2020 African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa achinyamata a mu Africa ku Lilongwe. Kuchokera ku Ulóngwe kukafika ku Lilongwe kudzera pa Calómuè ndi ulendo wa maola ochepa.